A Zakeyu Mbewe ndi Pepala Lopanda Dzina

Senderani kuno nonse, mbalezo zisiyeni kaye. Inu muli kukhondeko bwerani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Chiliza tamanga dzulo, alendo apita, tatsala eni ake. Chaka chatha tsopano chimwalirire achimwene anga, a Zakeyu Mbewe, ndipo zimene ananena abusa kumanda kuja n'zoona, koma n'zochepa. Ine ndine Nambewe, mlongo wawo wamng'ono. Kusukulu sindinapondeko. Tiyamike, mdzukulu wangayu, wati alemba zimene ndinene, ndiye alembe momwe zikutulukira pakamwa, asakonze.

Amene munawapeza atakalamba mukukumbukira munthu wamtali, wowonda, wa jekete lakuda, amene sankalowa pabwalo la munthu ndi odi yekha. Ankaima kumpanda n'kunena kuti, "Odi! Ndine Zakeyu Mbewe, mwana wa Nankhoma." Ngakhale pakhomo panga, ine wa bere limodzi. Ndinkawayankha kuti, "Achimwene, kodi Nankhomayo si amene anandibala inenso?" Iwo osaseka ayi. Ankati munthu azidziwika asanaoneke.

Liwu limene ankadana nalo ndi lakuti "akuti". Ukangoyamba kuti akuti mwana wa uje ali ndi pakati, ankakudula pomwepo: "Akuti ndani?" Ukalephera kutchula munthu, nkhani yatha, tenga mpando wako uzipita. Tsiku lina anapeza dengu la mbatata pakhonde, wosiya osadziwika. Analisenza khomo ndi khomo mudzi wonse kufunsa mwini wake, ndipo atasowa anakalitula pamphambano. Mbatata zabwinobwino, zofiira zija, zinadyedwa ndi nkhumba. Kutchalitchi nako anayambana ndi anthu. Atayamba kusankha akuluampingo ndi timapepala topinda, iwo anakana kapepala, anaimirira n'kutchula mokweza amene akumufuna. Amene sanamufune anali mlamu wawo weniweni, atakhala benchi lomwelo. Awiriwo sanapatsane moni dzinja lonse.

Tinkaseka, tinkati ndi makani a ukalamba. Ena a ife tinkadziwa kuti si makani.

Chimene anatchuka nacho mukuchidziwa. Ankadziwa mizu ya anthu. Ankabwera anthu panjinga kuchokera ku Nsaru, ku Kabudula, ena mpaka ku Mpingu, kudzafunsa ngati mnyamata ndi mtsikana ofuna kukwatirana sali pachibale. Ankabwera ana a matenanti, aja anachokera kumwera kudzalima fodya m'maesiteti, kudzafunsa kumene anagona makolo awo. Achimwene ankatsinzina, n'kumagogoda bondo ndi chala, n'kumakwera: mayi wako ndi uje, wobadwa kwa uje, amene anabwera kuno atathawa njala. Kukwera mpaka agogo a agogo, osapunthwa. Papepala sankalembapo kanthu. Zonse zinali m'mutu.

Ndiye pobwera Tiyamike, mwana wa mwana wanga wamkazi. Iye anapita patali ndi sukulu, mpaka ku yunivesite m'tauni, kuphunzira za makompyuta. Zilimwe ziwiri zathunthu ankabwera ndi kachipangizo kojambulira mawu, n'kumakhala ndi agogo akewo pansi pa mtengo wa mango. Ndinamufunsa kuti mawu onsewa ukatani nawo. Anati, "Agogo, tiyerekeze muli ndi nkhokwe yodzaza mtedza, ndipo mukufuna kamtedza kamodzi kokha kamene munakadinda ndi mano. Ine ndikuphunzitsa makina kuti mukawafunsa m'Chichewa, akapeze kamodziko osakhuthula nkhokwe." Tsiku lina anandipatsa foni kuti ndiyese. Ndinafunsa kuti Nangozo wa kudambo anabadwa kwa yani. Foni ija inayankha ndi mawu a achimwene, eni ake ali kudimba. Ndinaiika pansi, n'kupukuta dzanja pachitenje.

Achimwene analola zojambulazo chifukwa nthawi iliyonse ankayamba ndi dzina lawo ndi la amayi athu, ndipo kachipangizo kankasunga.

Kenaka kunamveka kuti kutsidya kwa nyanja kuli msonkhano wa akatswiri a ntchito yomweyi, yophunzitsa makina kupeza zinthu. Wofuna kukaonetsa ntchito yake amayamba watumiza pepala lofotokoza kafukufuku wake, ndipo pali tsiku limene khomo limatsekedwa. Kwa ife kuno linkatsekedwa Lachisanu, thu koloko masana. Aphunzitsi ake anamuuza Tiyamike poyera kuti pepala likapita n'kulandiridwa apitiriza maphunziro, likapanda kupita malo ake apatsa wina. Chotsala chinali chimodzi: agogo ake asayine kuti akulola mawu awo akamvedwe ndi anthu a kumeneko.

Tiyamike anafika Lachinayi pakabaza, fumbi mpaka m'nsidze, laputopu ili kumsana. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa. Achimwene anati awerenge zonse, asadumphe. Atatha anafunsa kuti, "Nanga papepala lalikululo dzina langa lili pati?"

"Panopa tachotsa, agogo. Langanso palibe. La mudzi palibe. Inu talemba kuti Mkulu A."

"Wachotsa ndani?"

"Ndachotsa ine. Ndi lamulo la msonkhano. Likakhala ndi dzina amalibweza osaliwerenga n'komwe."

"Akaliwerenga ndani?"

"Anthu atatu."

"Maina awo?"

"Sitiuzidwa, agogo. Iwo satidziwa, ife sitiwadziwa. Amatero kuti aweruze bwino, asakondere."

"Aweruze," anatero achimwene. Chala chija chimene chinkagogoda bondo chinangouma m'malere.

Tiyamike anaseka. "Iii, agogo, mukufuna kutchuka eti? Dikirani lidutse, mudzatchuka mpaka kwa azungu, akazi adzachita kulimbirana."

Iwo anaimirira, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko dzuwa likuswa mtengo. Ine mpeni unandigwa m'manja.

Apa ndibwerere m'mbuyo, pakuti simungamve bwino ndikapanda kutero. Ali mnyamata, achimwene anali mmodzi mwa atatu okha odziwa kulemba kuno kuseri kwa Nambuma. Amuna ambiri anali kumigodi, ndipo akazi awo ankabwera kwa iwo kudzalembetsa makalata ndi kudzawerengetsa mayankho. Mizu ya anthu anaidziwira m'menemo, pakuti kalata ya kumudzi imatchula aliyense, wobadwa ndi wakufa. Anali munthu wanthabwala masiku amenewo, inu simungakhulupirire. Ankaimba posoka fodya.

Ndiye anali masiku aja amene munthu sunkayankhula za akuluakulu ngakhale uli wekha m'munda. Wina analemba kalata yopita kuboma, yopanda dzina, kunena kuti Zakeyu amanyoza akuluakulu m'makalata a kumigodi. Masana ena, tili m'chigafa tikusoka fodya, inaima galimoto. Munatuluka amuna atatu. Sananene maina awo, sananene kumene akupita nawo. Mmodzi anafunsa kuti Zakeyu ndi uti, ndipo poti achimwene anachedwa kuyankha ndi mantha, anayamba kumenya msuweni wathu amene anali kufupi ndi khomo, mpaka kumuthyola nthiti. Apo m'pamene achimwene anati ndine. Anawamanga manja ndi chingwe chomwecho cha fodya. Anapita opanda nsapato, opanda bulangeti.

Mvula inagwa katatu asanabwere. Anabwera mano akutsogolo palibe, nyimbo palibe. Kumene anali sananene, ife sitinafunse. Cholembera sanachigwirenso. Akazi awo, malemu a Nachisale, anatisonkhanitsa n'kutipempha kuti nkhaniyi isatuluke pakamwa pa munthu, ana asakule nayo. Tinasunga. Tinasunga mpaka Tiyamike anakula, anaphunzira zonse za m'mabuku, koma ichi chokha osachidziwa. Munthu amene ankadziwa agogo a aliyense, wolemba kalata ija sanamudziwe mpaka kufa.

Tibwerere ku Lachisanu lija. Kutacha Tiyamike anagwada pakhomo pawo, kuwachonderera. Anafotokoza, anabwereza, anawaonetsa mapepala a anthu ena. Iwo anangoti, "Ika dzina langa, kapena chotsa mawu anga." Iye anati zonse ziwiri sizitheka, dzina likakhalapo pepala libwezedwa, mawu akachoka palibe pepala. Pomaliza analusa. Anati, "Agogo, zaka ziwiri ndakhala pansi pa mango apa, lero mundiphere tsogolo chifukwa cha dzina? Dzina mudya?" Iwo anatenga khasu ndi ndowa, ulendo wa kudimba.

Pamenepo ndiye ndikanamuuza. Pakamwa panatseguka, koma ndinaona nkhope ya a Nachisale, n'kutsekanso. Kulakwa kwanga n'kumeneko, alembe.

M'malo mwake ndinawalondola kudimba. Ndinawapeza ataima pakati pa mpiru, ndowa ili m'manja, madzi akutayikira pamapazi.

"Nambewe, iwe ukudziwa," anatero osandicheukira.

"Ndikudziwa, achimwene. Koma masiku aja anapita."

"Anapita kuti? Unawaona manda awo?"

Ndinawerama n'kuzula udzu pakati pa mpiru. Iwo anafunsanso.

"Akapanda kutumiza, mwanayu chimuchitikira n'chiyani?"

"Malo ake apatsa wina."

"Akatumiza, adzatenga ndani? Iye kapena ine?"

"Satenga munthu, achimwene. Ndi za sukulu."

"Iwe unapita liti kusukulu?" Anandicheukira. "Dzina lake wati palibe, eti? Koma mawuwo ndi anga. Mawu amadziwika. Akafuna munthu, afika pa ine." Anatula ndowa. "Ndiye zili bwino."

Anasamba m'manja pachitsime, tinabwerera. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Anati, "Bweretsa." Tiyamike anawapatsa cholembera. Ana inu, ndinaona amuna akugwira njoka, koma sindinaone munthu akugwira chinthu mwamantha choncho. Chilembo chimodzi, kupuma. China, kupuma. Thukuta linkadontha pachibwano. Tiyamike ankangoyang'ana nthawi pafoni, mwendo ukuvina, pakuti kuno netiweki ndi yovuta, ankayenera kukafika pa Nambuma. Atatha, achimwene analemba ndi dzina la amayi athu pansi pake, pamene panalibe mzere. Iye anawapsompsona pamutu, anathamangira kabaza. Madzulo anaimba kuti lapita, kutatsala mphindi zochepa. Ankaseka pafoni. Ndinawauza achimwene. Anati, "Ayankha liti?" Ndinati pakatha miyezi itatu. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa tsiku la mlandu.

Miyezi itatu imeneyo sindiifunira munthu. Nsapato zija sanazivulenso, ngakhale kudimba ankalowa nazo m'matope. Anapinda bulangeti, analimanga ndi luzi, analiika kuseri kwa chitseko. Chakudya ankadya choimirira. Mbuzi zawo ziwiri anazipititsa kukhola kwanga, ati zizolowere. Anthu obwera kudzafunsa za chibale ankawabweza, ati mutu ukupweteka. Ndipo inali nyengo yogulitsa fodya, malole ankadutsa mumsewumu tsiku lonse. Lililonse likachepetsa liwiro pa mlatho paja, iwo ankaimirira, n'kukonza kolala. Likadutsa ankakhala pansi. Kakhumi patsiku.

Mantha amapatsirana ngati chimfine. Ine amene ndinanena kuti ndi za sukulu, ndinayamba kumvetsera nawo. Ndikusinja, ndinkaimitsa munsi m'mwamba kuti ndimve ngati yaima. Ndinkadzifunsa kuti kodi anthu osafuna kudziwika amabisalira chiyani? Kodi mwana uja akuwadziwa bwino? Tiyamike akaimba foni kufunsa za agogo ake ndinkati ali bwino, akulima.

Tsiku lake linali Lachiwiri, kukuzizira, dzuwa lili pamutu. Ine ndinali pakhomo pawo, ndawabweretsera ndiwo. Tinamva galimoto ikuchepetsa pa mlatho. Sinadutse. Inakhota, inalowa njira yathu, ikuthyola mapesi. Yoyera, yaitali, magalasi akuda. Inaima pansi pa mango.

Munatuluka mwamuna. Munatuluka wachiwiri. Munatuluka wachitatu.

Achimwene analowa m'nyumba osathamanga, anatuluka ndi bulangeti lija kukhwapa. Anayenda mpaka pakati pa bwalo. Asanafunsidwe kanthu ananena mokweza, mawu osanjenjemera, "Ndine Zakeyu Mbewe, mwana wa Nankhoma. Ndi ineyo. Pano palibenso wina." Anaika bulangeti pansi, anatambasula manja onse awiri, ataphatikiza.

Wamkulu wa atatuwo, wamagalasi m'maso, anayesa ndi moni. Anawagwira manja onsewo n'kumawagwedeza, akumwetulira mano onse. "Aaa, ndiye inu Mkulu A! Bambo, takhala tikumva mawu anu miyezi yonseyi. Lero takupezani!"

Ine sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinangozindikira ndagwira miyendo ya bambo uja, ndikukuwa kuti musawatenge, akalamba, anapita kale, tengani ine. Ndiwo zinatayika. Anthu anatuluka m'nyumba zawo, ena anathawira m'chimanga chouma, akuluakulu amene ankakumbukira.

Ndiye chitseko chakumbuyo chinatseguka, anatuluka Tiyamike, atanyamula shuga ndi buledi. Anachedwa kutuluka chifukwa ankatolera katunduyo. Wamagalasi uja anali mphunzitsi wake, winayo mnzake wa kafukufuku, wachitatu dalaivala. Pepala linali litalandiridwa. Sanaimbe foni, ankafuna kutidzidzimutsa ndi nkhani yabwino.

Anaona ine pansi, anaona bulangeti lomanga ndi luzi, anaona manja a agogo ake. Manjawo anakana kutsika. Mphunzitsi anali atawasiya, koma anangokhala choncho, otambasula, ophatikiza. Tiyamike anati, "Agogo, n'chiyani?" Ndipo ine, pabwalo pomwepo, pamaso pa alendo, ndinaphwanya pangano la a Nachisale. Ndinanena zonse, chigafa, chingwe, nthiti za msuweni wathu. Mphunzitsi uja anavula magalasi. Dalaivala anapita kukaima kuseri kwa galimoto. Tiyamike anagwada m'fumbi, anagwira manja aja n'kuwatsitsa pang'onopang'ono, ngati akutsitsa mtsuko wodzaza. Ankangoti, "Munasayiniranji? Agogo, munasayiniranji?"

Iwo anati, "Unati malo ako apatsa wina."

Tinawakhazika pampando. Anamwa madzi. Patapita nthawi anafunsa kuti, "Ndiye atatu ajawo anaweruza bwanji?"

Tiyamike anatsegula foni, akupukuta mphuno. Woyamba anati ntchito ndi yabwino. Wachiwiri anati ndi yofunika, zinenero zathu zilibe zotere. Wachitatu anati sakukhutira, mawu a munthu mmodzi wokalamba ndi osakwanira, tingadziwe bwanji kuti sakulakwitsa.

"Ameneyo ndi ndani?"

Mphunzitsi anayankha mwaulemu, "Sitikudziwa, bambo. Sitidzadziwa."

"Ndiye akadalipo," anatero achimwene.

Palibe anaseka. Tiyamike anafulumira kunena kuti tsopano poti pepala ladutsa, maina amabwezeretsedwa, lake likhala pamwamba, ndipo lawo likhoza kulembedwa kumapeto, pothokoza. Koma anati ngati akuopa, alisiya. Ine ndinayesa akana. Iwo anati, "Ulembe. Lonse, ndi la amayi, ndi la mudzi. Kuti akamadzabwera asadzamenye wina."

Zinathera pamenepo. Tiyamike anakwera ndege, anakayankhula kumsonkhanoko, anabwera ndi pepala losindikiza. Achimwene anamuuza aloze ndi chala, anawerenga okha dzina lawo kawiri, anabweza. Lero Tiyamike akuphunzitsa ena, ndipo akuti asanajambule munthu wamkulu aliyense amayamba wakhala naye tsiku lathunthu osatulutsa kachipangizo. Mphunzitsi uja anabwera kumaliro. Galimoto anaisiya pa Nambuma, anayenda wapansi mtunda wonsewo, nsapato zoyera ndi fumbi. Mnzake wa kafukufuku ndinamva kuti anapita kunja. Dalaivala sindinamuonenso. Msuweni wathu wa nthiti uja anamwalira kalekale, ankatsokomola mpaka tsiku lomaliza. Achimwene anakhala mvula ziwiri zina. Anayambanso kuyankha anthu, koma pang'ono, ndipo mbuzi zija sanaziitanitse. Anamwalira ndi chibayo, masana, ine ndili pambali.

Nyumba yawo tinaigwetsa titameta, monga timachitira. Malata anatenga adzukulu, zitseko zinapita kwa ana a mlamu wawo uja. Pamene panali nyumba pangotsala kachulu ka dothi lofiira, ndi mwala umodzi wa pakhomo umene unakana kuzuka. Pamera maungu okha, osadzala munthu, atambalala mpaka pamene panali kuchipinda, ndipo palibe amene amawathyola. Nkhuku zimafukula pamenepo m'mawa, masana pamagona galu wa eni ake. Njira yochokera kumsewu, imene inapondedwa ndi njinga za anthu a ku Nsaru ndi ku Kabudula mpaka kulimba ngati mwala, yayamba kutsekeka ndi udzu. Anyamata anandifunsa ngati ailambule chifukwa cha alendo a chiliza. Ndinati alendo adzere kwa ine. Ijayo isiyeni itsekeke, isamaoneke kuchokera kumsewu.